Amasiye a Makolo Amoyo

Pali funso limene ankhoswe salifunsa pa tsiku lothetsa ukwati, ndipo ndifuna kuti ife tilifunse pano. Mwamuna ndi mkazi akatopetsana, abale a mbali zonse ziwiri asonkhana, namva mawu a uyu ndi a uyo. Ndipo chikakanika chiyanjano, ayamba kugawa katundu. Mpunga wa m'nkhokwe auyesa m'mitanga, mbuzi aziwerenga, bwato ndi ukonde zinka ndi mwamuna, mtondo ndi miphika zitsala ndi mkazi. Ndipo ngati mwamunayo sanammangire mkazi wake nyumba kumudzi kwa mkaziyo, amuuza kuti amange, pakuti mwambo wa chikamwini utero, ndi mabwalo a milandu a Boma avomereza chimodzimodzi. Zonsezi zichitika ndi dongosolo, kotero kuti pofika madzulo palibe ngakhale chipande chosadziwika mwini wake. Koma pa khonde pali kamwana ka zaka 6, kamene kamva zonse kuyambira m'mawa, ndipo za iko anena mawu owerengeka okha: "Ana ndi a kuchikazi." Atatero anyamuka, nabalalika.

Funso lake ndi ili: kodi ukwati ukatha, kubala kutha nako pamodzi? Ukwati anaumanga anthu, ndipo anthu akhoza kuumasula, ngakhale mpingo uchita nacho chisoni. Koma kuti uje ndiye atate wa uje, chimenecho palibe nkhoswe, palibe mfumu, palibe woweruza amene angachimasule. Chikhalirecho ife tichita monga ngati chimasuka. Mwamuna akasudzula mkazi ayesa kuti wasudzula ndi ana omwe, ndipo mkazi wopsa mtima ayesa kuti popeza iye alibenso mwamuna, anawo alibenso atate. Potero tadzaza midzi yathu ndi mtundu wina wa ana amasiye umene ulibe dzina, ndiwo amasiye a makolo amoyo. Wamasiye weniweni mudzi wonse ulira naye. Pali maliro, pali manda amene angaloze, pali akulu omuuza kuti limba mtima. Koma uyu palibe ampepesa, pakuti ati, "Wataya chiyani? Suja tinawaona atate wake dzulo pa msika?"

Gombe lathu lino laona ana akulekana ndi makolo kuyambira kale lomwe. Pamene David Livingstone analankhula ndi Jumbe pansi pa mkuyu wa pa Nkhotakota m'chaka cha 1863, zombo zinalikuolotsa akapolo, ana pamodzi ndi akulu, kunka kutsidya la nyanja ndi ku Kilwa. Iwowa sanasankhe, ndipo mlandu uno suwakhudza. Ukapolo utatha unadza msonkho, ndipo msonkho unatuma amuna ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg. M'chaka cha 1935 Boma la Nyasaland linaika bungwe lofufuza za ulendowo, mtsogoleri wake Travers Lacey, ndipo iwo anayesa kuti amuna a dziko lino okhala kunja anali ngati 120,000, ndi kuti zikwi zambiri za iwo anali matchona, osayembekezeka kubweranso. Pambuyo pake mayi wina wa ku England wophunzira miyambo ya anthu, dzina lake Margaret Read, anayenda m'midzi, nalemba mu 1942 kuti midzi ya Angoni, kumene mkazi akhala pakati pa abale a mwamuna wake, inapirira ulendowo koposa midzi ya Achewa, kumene ukwati unamasuka msanga mkamwini akachoka. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 obwerera ku migodi. Unayambanso pang'ono ndi TEBA, nutha mu 1988.

Ndatchula zimenezi chifukwa ana a matchona aja ndiwo nkhalamba za m'midzi mwathu lero, ndipo wofuna kudziwa ngati bala la ubwana lipola lokha angopita kukacheza nazo. Ndinamva nkhalamba ina ya kufupi ndi Chia ikufotokoza kuti atate wake ananka ku Salisbury iyo ikali kukwawa, ndipo amake, atadikira zaka zingapo, anakwatiwa ndi wina. Kuyambira ili mnyamata kufikira itamera ndevu, nthawi zonse Ilala ikaima pa Nkhotakota ndipo iyo ili pafupi, inali kupita kugombe kukayang'ana otsika. Nkhope ya atate wake sinaidziwe; tsono inali kufunafuna mwamuna wofanana ndi iyo mwini. Sinampeze. Ndipo pamene ana ake aamuna anakula nafuna kukafuna ntchito, ngakhale ku Lilongwe kokha, inawakaniza ndi ukali umene anawo sanaumvetse, kufikira mmodzi wa iwo anachoka usiku osatsazika. Taonani, mwamuna amene anachoka kale, amene adzukulu ake sanamuonepo ngakhale pa chithunzi, analikulamulirabe m'nyumba imeneyo.

Koma mtchona wa masiku ano sasowa kuoloka malire. Ali ku Dwangwa kudula nzimbe, kapena watsata usipa ku dooko lina, nakwatira kumeneko; kapena alidi ku Johannesburg, koma lamya ili m'thumba mwake, ndipo angathe kumva mawu a mwana wake nthawi iliyonse atafuna. Ndiyesa ine kuti mwana wa ameneyu asenza katundu wolemera koposa mwana wa mtchona wakale. Uja anali nazo zodzitonthoza nazo: njira ndi yaitali, kalata inatayika, kapena atate anafera ku mgodi. Uyu alibe. Aona atate wake akudutsa pa njinga, atanyamula mwana wa mkazi watsopano, ndipo nzeru ya mwana ifuna chifukwa. Sadziwa za chigololo, sadziwa za ngongole kapena za apongozi. Chimene adziwa ndi iye mwini. Tsono atsimikiza mumtima kuti chilema chili pa iye, kuti iye ndiye wosayenera kumkhalira. Sauza munthu, pakuti palibe amfunsa, ndipo akula nalo ganizolo monga munthu akula ndi chipsera cha moto chimene chiphimbika ndi malaya.

Ndipo ana otere si owerengeka ayi. Georges Reniers, amene anawerenga maukwati m'midzi ya ku Rumphi, ku Mchinji ndi ku Balaka, analemba mu 2003 kuti mwa maukwati oyamba 100, amene atha ndi kulekana ali pakati pa 40 ndi 65, kuchuluka kwake kuli ku Balaka ndi kuchepa kwake ku Rumphi. Nkhotakota sanaiwerenge, koma aliyense angawerenge yekha nyumba za m'mudzi mwake.

Tsono wina adzati, "Nanga si mwambo wathu? Kwa Achewa mwana ndi wa mbumba ya amake, ndipo mwini mbumba ndiye mtsibweni, amene ena kunyanja kuno amtcha mjomba. Mkamwini ndi mlendo." Zoona, mwambo unali wotero, ndipo sindiunyoza, pakuti unali ndi nzeru yake. Akale anadziwa kuti ukwati ndi chinthu choterera, chifukwa chake sanatsamize moyo wa mwana pa ukwati. Banja likasweka mwana sanali kusamuka; anatsala pa nthaka ya amake, pakati pa agogo ake ndi amake aang'ono, munda uli pomwepo, ndipo mtsibweni ndiye anamlipirira milandu, namuimirira pa chinkhoswe akakula. Atate anali mzati umodzi m'nyumba ya mizati yambiri, ndipo ukazuka, denga linapendeka koma silinagwe.

Koma tamuyang'anani mtsibweni wa lero. Ali ndi ana akeake ofuna yunifolomu ndi fizi ya ku sekondale, ali ndi feteleza wogula, ndipo munda umene kale unakwanira mbumba yonse augawagawa kufikira watsala mizere. Sukulu inamphunzitsa, ndipo amisyoni omwe anamphunzitsa, kuti mwamuna asamale mkazi wake ndi ana a m'nyumba mwake. Ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011 liika patsogolo mkazi ndi ana a womwalira, osati ana a mlongo wake. Chiphunzitso chimenecho ndi chabwino, koma tinachilandira theka. Mtsibweni akafunsidwa fizi agwira mwambo watsopano, nati, "Pita kwa atate wako." Atate akafunsidwa agwira mwambo wakale, nati, "Pita kwa atsibweni ako, ana ndi a kuchikazi." Aliyense wa iwo wasankha mwambo umene ummasula. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ananenera munthu wosakhazikika mtima; koma mwana uyu sanasankhe kuthamanga pakati pa mapanga awiri, ndipo mvula imvumbwa iye, eni mapanga ali pouma.

Chotuluka chake chioneka msanga pa sukulu. Sophia Chae, pofufuza m'midzi ya m'maboma atatu omwe aja, analemba mu 2016 kuti ana a makolo olekana atsiriza makalasi ochepa koposa anzawo, ndi kuti atsikana ndiwo aleka sukulu kawirikawiri. Njira yake tiidziwa tonse. Mayi sangakhale yekha nthawi yaitali, pakuti dambo la mpunga lifuna manja, ndipo akwatiwanso. Alipo atate opeza amene alera ana a mnzawo monga awoawo, ndipo otere mudzi uyenera kuwalemekeza koposa umo uchitira, koma alipo ambiri onena kuti, "Ndinakwatira iwe, sindinakwatire ana." Pamenepo mwana atumizidwa kwa agogo, amene maso ayamba kuchita chidima. Mtsikana apita kwa wachibale ku tawuni "kukaphunzira," nakathera pa kulera ana a eni nyumba. Kapena akwatiwa asanakhwime, pofuna pakhomo pamene adzati mpanga. Mnyamata atsikira kugombe, ayamba ndi kutola usipa wogwa pa thandala, kenaka akwera bwato usiku kukagwira nyali pa chilimila, ndipo akalawa ndalama ya m'manja, choko cha mphunzitsi sichimuitananso. Pofika zaka 30 umphawi wake tiutcha ulesi, ndipo palibe akumbukira kuti unayamba tsiku lija logawa mbuzi.

Koma umphawi uoneka ndi maso, ndipo ndifuna kukhalitsa pa chinthu china chosaoneka. Osema mabwato adziwa kuti mtengo wina uli ndi mng'alu m'kati, umene suoneka posema. Bwato wotere uyenda bwino miyezi yonse ya bata, ndipo mwini wake autama. Mng'alu udziwika tsiku limene mwera wa mu July uupeza pakati pa nyanja. Momwemonso ana ambiri a makolo olekana aoneka ngati aiwala. Aseka, asewera, ena apambana pa sukulu, ndipo akulu ati, "Mwaona, ana sachedwa kuzolowera." Mwera wawo ufika pamene iwo eni alowa m'banja. Mayi wina wa ku America, Judith Wallerstein, anayamba mu 1971 kutsata ana 131 a mabanja 60 olekana ku California, nawatsata zaka 25. Ndipo chimene anachigogomezera m'buku lake la mu 2000 ndi ichi, kuti pa ambiri a iwo kuwawa kwakukulu kunadzuka atakula, pa nthawi yofuna kukhulupirira mwamuna kapena mkazi. Dzikolo ndi lakutali, miyambo yake ndi ina, ndi ana amene anawatsata anali ochepa. Koma ankhoswe a kuno akamva adzagwedeza mutu, pakuti milandu yotere aiweruza.

Chifukwa chake sichivuta kuchimva. Mwana wokulira m'nyumba yokhazikika aphunzira phunziro lina limene palibe amphunzitsa ndi pakamwa. Amva atate ndi amake akukangana usiku, mtima wake uthamanga, agona ndi mantha. Ndipo m'mawa aona amake akuikira atate madzi osamba, ndi masana adya nsima monga mwa masiku onse. Zikachitika kakhumi, kawiri pa chaka, adziwa m'mafupa mwake kuti mkangano uli ndi tsidya lake, ndi kuti munthu akhoza kukukwiyira osakusiya. Koma uja anaona mkangano umodzi waukulu, ndipo kutsidya kwake kunali katundu pa khonde. Tsono akakwatira, mkazi wake nangokweza mawu pa nkhani ya ndiwo, iye amva kulira kwa tsiku lija. Wina athawa msanga, kuti asiye asanasiyidwe. Wina achita nsanje yoopsa, alonda mkazi wake popita kumjigo ndi pobwera kumsika, kufikira mkaziyo atopa nachokadi, ndipo iye ati, "Ndinadziwa ine." Mkazi wina apirira nkhonya ndi njala zaka zambiri, chifukwa analumbira ali mwana kuti ana ake sadzakhala monga anakhalira iye, ndi wina sapirira kanthu konse, asunga kandalama kobisa ndi mtima wobisa, nakhala m'banja monga mlendo amene sanamasule mtolo wake. Madzi saiwala khwawa. Ndipo anthu otere kawirikawiri sadziwa chimene chiwayendetsa, pakuti anauzidwa kuti anali ang'ono, sanamve kanthu.

Pano ndichenjeze, kuti mawu anga angasanduke mwala woponyera anthu amene avulala kale. Ichi si tsoka lobadwa nalo, ndipo si temberero. Mavis Hetherington, amene anatsata mabanja ambiri koposa, ngati 1,400, pa zaka pafupifupi 30, anapeza kuti mwa ana 4 alionse a makolo olekana, 3 kapena kuposerapo anakula nakhala anthu okhazikika. M'mipingo mwathu muli akulu a mpingo, aphunzitsi ndi amayi olemekezeka amene analeredwa ndi agogo, ndipo ena a iwo asunga mabanja awo ndi changu choposa cha ife tonse, chifukwa adziwa mtengo wake. Kholo limene likaniza mwana wake kukwatiwa ndi mnyamata wabwino, poti amake anasudzulidwa, lilikumlipitsa mlandu wa eni ake kachiwiri.

Kodi tsono tinene kuti chifukwa cha ana ukwati usathe, zivute zitani? Akulu ena a mpingo ayankha msanga kuti inde, ndipo abweza mkazi wotupa maso ku nyumba imene wathawa, ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Ine sinditero. Mwana amene abisala kunsi kwa mphasa usiku ndi usiku pomva atate akumenya amake alikuphunzira phunziro loipa koposa la kulekana. Paul Amato ndi Alan Booth analemba mu 1997 kuti ana a nyumba za nkhondo yosatha anakula bwino makolo atalekana koposa akadakhalabe pamodzi. Ndi kuti amene anavulala kwambiri ndi ana a nyumba zimene zinalibe nkhondo yaikulu, koma zinasweka mwadzidzidzi. Mawu awiriwa ayenera kumveka onse. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika, zoona. Koma tinene chilungamo, maukwati ambiri a kugombe kuno satha chifukwa cha nkhonya. Atha m'mwezi wogulitsa mpunga, ndi m'nyengo imene usipa wagwa wambiri, pamene thumba la mwamuna lalemera ndi maso ake ayamba kuona kuti mkazi amene anapalira naye dambo wakalamba. Wotereyo asadzitonthoze ndi mawu akuti ana apumula ku mikangano, pakuti mikanganoyo anaiyamba iye kuti apeze pochokera.

Koma ukwati ukathadi, kaya pa chifukwa chabwino kaya choipa, chikali chambiri m'manja mwa makolo, ndipo apa ndi pamene tilakwa koposa. Cholakwa choyamba ndi kukhala chete. Mwambo wathu suuza ana nkhani za akulu, ndipo m'zinthu zambiri mwambowo ndi wabwino. Koma pano mwana adzuka m'mawa napeza atate palibe, akafunsa amuuza kuti apita ku ulendo, akafunsanso amkalipira. Adikira mwezi, adikira chaka, ndipo choonadi achimva kwa anzake pa masewera, momunyoza. Kuyambira pamenepo adziwa kuti akulu amene awakhulupirira anamnamiza pa chinthu chachikulu cha moyo wake. Sikufunika kumuululira zamanyazi; koma mwana wa zaka 6 akhoza kumva mawu awa, kuti atate ndi amayi sadzakhalanso nyumba imodzi, kuti mlanduwo si wake, ndi kuti atate adzamuona tsiku lakuti. Ndipo tsikulo likafika, atate afikedi, pakuti lonjezo losweka kawiri katatu liwononga koposa kusalonjeza.

Cholakwa china ndi chowawa koposa, ndicho kuthira ndulu ya ukwati m'kamwa mwa mwana. Mayi wosiyidwa ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo sindimweruza; koma pamene mwana waswa mbale, mayiyo nati, "Wafanana ndi atate wako, wopanda pake," aiwala kuti theka la mwazi wa mwanayo ndi la mwamuna amene alikumtukwana. Mwanayo atchedwa Phiri kapena Banda kapena Mwale ndi dzina la atate wake, aliyankha pa kaundula wa sukulu m'mawa uliwonse, ndipo adzalipatsa ana ake. Ukamphunzitsa kuda dzinalo, wamphunzitsa kudzida. Atate nayenso amana fizi kuti alange mkazi, nati, "Ndalama zanga zikadyetse mwamuna wina?" Ndipo alipo amayi amene abweza malaya ogulidwa ndi atate, kapena abisa mwana atate akabwera, kuti mwamunayo amve kuwawa. Ena atuma mwana kukapempha sopo kwa atate wake pamaso pa mkazi watsopano, ndipo pobwera amfunsa zonse zimene waona m'nyumbamo. Mwana wotumidwa chotere aphunzira kukhala ndi nkhope ziwiri, kunena kuno zokondweretsa kuno ndi uko zokondweretsa uko. Ndipo akakula tidabwa kuti sanena za kumtima kwake ngakhale kwa mkazi wake.

Malamulo a dziko anatsogola kale pa nkhaniyi. Malamulo aakulu a Malawi a 1994 anena kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi woleredwa nawo. Ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lipatsa bwalo la milandu mphamvu yolamula kholo kupereka chithandizo cha mwana, ngakhale ukwati unatha kapena sunakhalepo konse. Amayi ambiri sadziwa chimenechi, ndipo akulu a mpingo achita bwino kuwauza. Koma bwalo lili pa boma, ulendo wake ufuna ndalama, ndipo msodzi amene lero ali ku Sani ndi mawa ku Benga savuta kuzemba. Ndiponso woweruza akhoza kutulutsa ndalama m'thumba la atate, koma sangathe kumkhazika pa mkeka kuti afunse mwana wake za sukulu.

Chimenecho ndi cha ankhoswe ndi cha mpingo, ndipo onse awiri achisiya. Ankhoswe ayesa kuti ntchito yawo yatha tsiku losudzulana. Koma iwo anali mboni pomanga nyumba imene munabadwira anawo, ndipo ndiwo okha amene angalowe pa makomo onse awiri popanda manyazi. Bwanji pa tsiku lomwelo, asanawerenge mbuzi, asayambe kutchula ana mmodzimmodzi ndi maina awo: uyu adzagona kuti, fizi yake alipira yani, akadwala adziwitsa yani, adzapita liti kwa atate wake, munda wake uli pati? Ndipo bwanji asabwerenso pokolola, kudzaona ngati mawuwo asungika? Mpingo nawonso ukhala pansi kuweruza olekanawo, uimitsa uyu pa mgonero, ubweza uyo ku kalasi, ndipo zonse zilembedwa m'buku. Koma sindinaone buku limene alembamo maina a ana a mabanja osweka, kuti wina aziwayendera monga tiyendera odwala ndi ofedwa. Kawirikawiri mayi woimitsidwa aleka kubwera ku tchalitchi chifukwa cha manyazi, ndipo ana aleka naye. Tsono mwana amene wataya atate mwezi uno ataya ndi Sande sukulu yomwe mwezi wamawa.

Ngongole imeneyi ikapanda kulipidwa, ibwera yokha pa mapeto, ndipo ibwera m'njira imene ivutitsa ngakhale akulu anzeru. Mwamuna uja akalamba. Mphamvu yokoka khoka yatha, mkazi wachiwiri kapena wachitatu wamwalira kapena wamtaya, ndipo popeza anakhala pa chikamwini, eni mudzi amuonetsa njira. Pamenepo akumbukira kuti ali ndi mwana wamkazi amene ndi namwino, kapena wamwamuna amene ali ndi golosale pa boma. Afika ndi kamtolo ndi ndodo, nakhala pa khonde, nati, "Ndine atate wako." Mwanayo tsopano ali ndi zaka 40 ndi ana akeake. Adziwa lamulo lolemekeza makolo, analiphunzira m'kalasi. Adziwanso usiku uja anagona ndi njala, ndi tsiku limene anampirikitsa ku sukulu chifukwa cha fizi, mwamuna yemweyu ali ndi bwato ziwiri pa nyanja. Akamlandira, amake amene anamlera ndi kugulitsa zitumbuwa amuyesa wopereka. Akambweza, mudzi uti ndi mwana wotembereredwa, ndi mtima wake womwe umtsutsa. Akulu a mpingo afulumira kumuuza kuti akhululuke, ndipo mawuwo ndi oona; koma ndaona kuti afulumira kwa mwana koposa umo anafulumirira kwa atate zaka 30 zapitazo, ndipo kawirikawiri nkhalambayo sinena kuti ndinalakwa, ingoti zakale zisiyeni.

Ambiri amene ndawaona amlandira. Ammangira kanyumba kuseri, ampatsa nsima pa nthawi yake, akadwala amtengera ku chipatala, akamwalira agula bokosi. Pa maliropo pafika abale ena amene sanawaonepo, ana a ku madooko ena, ofanana naye mphuno ndi mayendedwe, ndipo akulu awalozerana kuti adziwane, angadzakwatirane. Mwana uja akhala pakati pawo, anthu alikumuyang'ana kuti alire, ndipo ena alira ndithu mosatonthozeka, kudabwitsa amene adziwa mbiri yake. Mayi wina anandiuza kuti m'miyezi 8 imene anasunga atate wake wodwala, anawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi dzanja lake, koma lilime lake linakana kuwaitana kuti atate. Anali kuwaitana ndi dzina limene ana ake anawaitana nalo, agogo.